Gwendoleni sanali dona, inali sitima

Agogo anga akazi, amene anabereka mayi anga, anatisiya chaka chatha mwezi wa Juni kwathu ku Nkhotakota. Titamaliza zonse za maliro, anthu atayamba kubalalika, mayi aang'ono anandiitanira kuchipinda nkundiuza kuti iwe ndiwe umakonda zamapepala, tatsegula thiranki ili tione zimene mayi ankasungamo. Linali thiranki lachitsulo lija lakalekale, lobiriwira, dzimbiri m'makona monse, loko wake tinachita kuphwanya ndi hamala chifukwa kiyi anasowa kalekale. Titangotsegula fungo lake linali la agogo lenileni, sopo wamtanda ndi mankhwala a njenjete aja, moti mayi aang'ono anayambanso kulira. Pamwamba panali zitenje zosavala, yunifomu yawo ya Mothers' Union yopindidwa bwinobwino, buku la mapemphero, makadi a sikelo a ana onse mpaka a amalume amene pano ali ndi imvi mutu wonse. Pansi penipeni mpamene panali envulopu ya khaki yomangidwa ndi kansalu.

Munali zithunzi 23. Zambiri ndi zija mumazidziwa inunso, za ku situdiyo, munthu ataima pafupi ndi duwa lapulasitiki dzanja lili patebulo, ukwati wa mayi anga, amalume atavala buluku lotambalala kumiyendo atangobwera kuchokera ku Wenela. Koma chimodzi chinali chosiyana ndi zinzake zonse, chaching'ono ngati chikhatho, pepala lake lolimba, mtundu wake wapita kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka ndipo ngodya imodzi chiswe chinalawako. Pali amuna atatu ataima pathabwa, opanda nsapato, atavala malaya a kolala yaikulu yogwera kumsana ngati aja amavala asilikali apamadzi, kumbuyo kwawo kukuoneka zingwe, chitsulo chotchingira m'mbali ndi mfuti yaikulu yokhazikidwa pamwendo umodzi wachitsulo. Wapakatiyo ndi wamfupi, mapewa aakulu, wakwinya malaya m'mikono ndipo sakumwetulira. Mayi aang'ono anangochiyang'ana kamodzi nkunena kuti awa ndi agogo athu, bambo awo a mayi, taona mphumi, ndi ya malume ako yeniyeni.

Tsono apa mpamene nkhani inandisokoneza. Ife pakhomo pathu tinakula tikudziwa kuti agogo aakuluwa ali mnyamata ankagwira ntchito kwa Gwendoleni. Basi, mawu ake anali omwewo, "bambo ankagwira kwa Gwendoleni nthawi ya nkhondo ya Chiwaya", ija yoyamba ya dziko lonse, ndipo tonsefe, ine, mayi anga, amalume, tinkaona m'maganizo mwathu dona wachizungu wa chipewa chachikulu, agogo ali kukhitchini kapena akuchapa zovala. Palibe anafunsapo zambiri, mwana sufunsa kawiri nkhani imene akuluakulu ayinena mwachidule. Ndiye ndinakhala pamphasa paja ndikudzifunsa kuti kukhitchini kwa dona kumapezeka bwanji mfuti yotere, nanga yunifomu imeneyi ndi ya khukhi? Nditatembenuza chithunzicho, kumbuyo kunali zolemba za pensulo zofufutika, ndinachita kuwalitsa ndi tochi ya foni mopendeketsa kuti ndiwerenge. Panalembedwa kuti Fort Johnston, 1916.

Usiku womwewo ndinachijambula nkuchiponya pa gulupu ya banja pa WhatsApp. Msuweni wanga amene amakhala ku Leeds ndi amene anayankha koyamba, cha m'ma 2 koloko usiku, kuti achemwali mwadzuka? Gwendolen si munthu ayi, ndi sitima. Ndinadzuka nkukhala tsonga. Fort Johnston ndi Mangochi wa leroyu, zimenezo ndinkadziwa kuyambira ku pulayimale, koma zoti panyanja yathuyi panali sitima yankhondo ya Angelezi yotchedwa Gwendolen, ena amalemba Guendolen, ndinali ndisanamvepo olo kamodzi, chonsecho ndinakulira m'mphepete mwa nyanja yomweyi, ndasamba m'madzi omwewa, ndadya usipa wake. Sitimayo inapangidwa ku Britain, inabwera m'zidutswazidutswa monga zinkabwerera sitima zonse za nthawi imeneyo, kulowera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, pofika pa mathithi anthu nkusenza zitsulo pamutu, ndipo inalumikizidwa nkuyamba kuyenda panyanja mu 1899. Inali yolemera matani opitirira 300, yaikulu zedi pa nthawiyo. Dzinalo anaipatsa potengera Lady Gwendolen Cecil, mwana wa Lord Salisbury amene anali nduna yaikulu ya Britain. Ndiye dona analipodi, koma agogo sanamuonepo, iwo ankadziwa chitsulo chotchedwa dzina lake.

Ndikuuzeni zimene zinachitika mu 1914, chifukwa ine nditawerenga ndinachita tsembwe. Britain inalowa nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti. Tsidya lija la nyanja, kumene pano kuli Tanzania, linali m'manja mwa Majeremani ndipo iwo anali ndi sitima yawo ya mfuti, Hermann von Wissmann. Aliyense ankadziwa kuti mwini nyanja ndiye mwini nkhondo kumpoto kuno, chifukwa misewu kunalibe, asilikali, chakudya, zipolopolo, zonse zopita ku Karonga zinkayenda pamadzi. Bwanamkubwa Sir George Smith analamula kaputeni wa Gwendolen, Edmund Rhoades, kuti akaisake sitima ya Majeremaniyo. Pakati pa mwezi womwewo wa Ogasiti anakaipeza pa doko la Sphinxhaven, lero timati Liuli, itakokeredwa kumtunda akuikonza, ndipo anaiombera ili pomwepo. Kaputeni wa Majeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades wa zaka zambiri, ankamwera limodzi, ndipo uthenga woti nkhondo yayamba unali usanamufike, ndiye anapalasa kaboti kubwera ku Gwendolen atakwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Anangomugwira pomwepo nkukhala mkaidi. Olemba mbiri ambiri amati kumeneku ndiko kunali kupambana koyamba kwa Britain pamadzi m'nkhondo yonse yoyamba ya dziko lonse. Panyanja yathu yomweyi abale.

Nkhani imeneyi mukaisaka pa intaneti muipeza paliponse, ndipo paliponse amaikamba mofanana, ngati nthabwala ya azungu awiri okondana amene nkhondo inawadanitsa m'mawa umodzi. Ine zinandiwawa. Sitima ya nthunzi siyenda ndi kaputeni yekha. Panali anthu amene ankadula nkhuni, ozisenza kulowetsa m'sitima, oponya pamoto usiku wonse kuti boyila isazizire, okoka nangula, oyang'ana miyala kutsogolo, ndipo ambiri mwa anthu amenewa anali akwathu konkuno, a ku Nkhotakota, a ku Likoma, a kwa Mponda, Atonga a ku Bandawe ndi Nkhata Bay amene amadziwa nyanja ngati kuseri kwa nyumba yawo. Koma nkhaniyo ikamakambidwa amangoti Rhoades anawoloka nyanja, ngati anawoloka yekha.

Mwezi wa Seputembala ndinatenga masiku atatu kuntchito nkukwera basi ya ku Mangochi, kudzera Salima ndi Golomoti, chithunzi chili mu envulopu mkati mwa Baibulo kuti chisapindike. Mukafika pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ija anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria. Ndadutsapo kangapo konse pamalo amenewa popita ku maukwati ndi kumisonkhano, ndipo sindinaimepo. Pambali pakepo pali mfuti, ya mtundu wa Hotchkiss, yochokera mu Gwendolen. Ndinatulutsa chithunzi nkuima pamenepo dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, anyamata a kabaza akundiitanira, ine ndikungoyang'ana chithunzi, kuyang'ana mfuti, kuyang'ananso chithunzi. Kaimidwe kake, chogwirira chija cha paphewa, zonse zinali monga zikuonekera kumbuyo kwa agogo. Ndinagwira chitsulocho, chinali chotentha zedi, ndipo misozi inangotsika yokha. Mayi wina wogulitsa mandasi anandiyandikira nkufunsa kuti achemwali kwagwanji, ndinangomuonetsa chithunzi nkunena kuti awa ndi agogo anga, ankayenda ndi mfuti iyi. Anachiyang'ana nthawi yaitali nkuti ayi ndithu, anali mwamuna.

Chapafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu, ndipo mkatimo anamanga chifanizo cha kutsogolo kwa Gwendolen ndi malo oyendetsera, moti umatha kuima nkuona mmene zinalili. Amene simunafikeko pitani, tengani ana, si kutali.

Koma chimene ndinapitira kwenikweni chinali ku Malindi, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, kumene kumakhala mlongo wawo wa agogo anga, chitsiriza m'banja mwawo, yekhayo amene watsala mwa ana a munthu wa pachithunziyu. Ali ndi zaka 86, maso anayamba kuchita nkhungu koma mutu uli gwa. Ku maliro sanathe kubwera chifukwa cha miyendo. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mdzukulu wawo ndi manja okha osayang'ana, nditagwada kupereka moni anandigwira kumaso nkuti aa, mkazi wanga wabwera, wandibweretsera chani kuchokera ku Lilongwe? Ndinapereka shuga ndi masamba a tiyi, tinalira pang'ono pokumbukira alongo awo, kenako ndinati agogo, ndabwera ndi funso, kodi Gwendoleni anali ndani?

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwe, ndani anakuuzani kuti ndi munthu? Bambo anali fayamani. Ndiye anayamba kufotokoza, ine foni ili pamwendo ikujambula mawu, maola awiri athunthu. Anati bambo awo analowa ntchito ya m'sitima ali mnyamata asanakwatire, atayamba ndi kusenza nkhuni pa doko, chifukwa sitima zonse za nthawi imeneyo zinkayendera nkhuni osati malasha kapena mafuta, ndipo m'mphepete mwa nyanja monse munali malo oikika pomwe nkhuni zinkaunjikidwa kudikira sitima. Sitima ikaima, ndi mzere wa anthu usiku kapena usana kulowetsa mitolo. Mzungu wa injini anaona kuti mnyamatayu ndi wamphamvu ndipo sachita chizungulire pa mafunde, nkumutenga. Ntchito yake inali pansi penipeni, kumene kulibe mphepo, kutsegula chitseko cha ng'anjo, kuponya nkhuni, kutseka, kuyang'ana muvi wa nthunzi, kutsegulanso, thukuta lili kamukamu mpaka kumakama malaya ngati achapa. Mwera ukawomba, ndipo inu a kunyanja mukudziwa mwera wa mwezi wa Juni ndi Julayi kuti suseweretsa, sitima imapendekeka ndipo munthu uli ndi chipika m'manja kutsogolo kwako kuli moto. Anati mikono ya bambo yonse iwiri inali ndi zipsera zoyera kuyambira pa dzanja mpaka m'chigongono, ana ankaziwerenga ngati masewera.

Ndinawafunsa za tsiku lija la ku Liuli. Anati bambo ankanena kuti iwo sanaone kanthu, anali pansi, anangouzidwa kuti moto usatsike usiku wonse ndipo pasamveke phokoso, kenako m'bandakucha anamva chitsulo chonse chikunjenjemera kupondaponda kwawo, kugunda kwake kukulowa m'mano. Atakwera pamwamba kukapuma mpweya anaona mzungu wachilendo atakhala pampando nkhope ili psuu. Nkhondo yonse ya tsiku limenelo kwa iwo inali imeneyo, nkhuni, mdima ndi kunjenjemera kwa chitsulo. Ndamvetsera mawu amenewa pa foni mwina ka 20 ndipo nthawi zonse ndikafika pamenepa ndimaimitsa kaye.

Chimene sankakonda kukamba, anatero agogo, ndi zimene zinabwera pambuyo. Sitima zinayamba kututa asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali akuda omenyera Britain) kupita ku Karonga, kumene kunamenyedwa nkhondo pa 9 Seputembala 1914 ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri, Aafirika kuphana ndi Aafirika anzawo pa mkangano wa ku Ulaya. Ndi imfa zimenezi zimene zinachititsa John Chilembwe kulemba kalata ija ku Nyasaland Times kumapeto kwa chaka chomwecho yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, patangotsala miyezi iwiri kuti aukire mu Januwale 1915. Mu Meyi 1915 Angelezi anabwereranso ku Sphinxhaven kukaiphwanyiratu Hermann von Wissmann kuti isadzayendenso m'manja mwa Majeremani. Ndipo pofika 1916, chaka cha pa chithunzi chathu, mkulu wa asilikali a Britain General Edward Northey atayamba kulowa m'dziko la Majeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja, sitima iliyonse inali ikugwira ntchito ya nkhondo, ngakhale Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA ya mpingo wa Anglican imene ntchito yake inali kunyamula ansembe, aphunzitsi ndi odwala. Popita zinkanyamula mpunga, ufa, zipolopolo ndi amtengatenga, anthu ogwidwa m'midzi kuti akasenze katundu wa nkhondo, amene m'dziko lathu lino anakwana pafupifupi 200,000. Pobwera zinkanyamula omwewo atatha, mafupa okhaokha, kamwazi ndi malungo, ena osafika nkomwe ku Fort Johnston. Agogo anati bambo awo anangonenapo kamodzi kokha, ataledzera pang'ono pa ukwati wina, kuti anaona mnyamata wa m'mudzi mwawo mwenimweni atagona pathabwa la sitima ndipo sanamuzindikire mpaka mnyamatayo atawatchula dzina laubwana. Sanapitirize nkhaniyo ndipo palibe anawakakamiza.

Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake pakhomo pathu zaka zonsezi zinafupikitsidwa kukhala mawu anayi okha, ankagwira ntchito kwa Gwendoleni. Munthu amene waona zotere sakhala pabwalo nkumakamba ngati nthano. Ana ake aakazi anangotola dzinalo, adzukulu tinalivala diresi ndi chipewa.

Panali kanthu kena kakang'ono kamene kanandikhudza kuposa zonse. Agogo anati bambo awo mpaka ukalamba sankalola kuti nkhuni ziunjikidwe mwachisawawa pakhomo. Ankazidula zonse msinkhu umodzi, kuyeza ndi mkono wawo, nkuzisanja mwadongosolo ngati njerwa, zouma uku zaziwisi uko, ndipo mwana ukasolola chapakati umakalipidwa. Ine nditamva ndinangoti mayo, chifukwa agogo anga akazi ankachita chimodzimodzi, mayi anganso mpaka lero ku Area 25 amasanja nkhuni ndi matumba a makala ngati kukubwera woyendera. Tinkangoti ndi ukhondo wa pamtundu. Kani zinachokera pansi pa sitima.

Pobwerera ndinadzera ku Zomba, ku National Archives, ndili ndi chiyembekezo choti mwina ndiona dzina lawo lolembedwa penapake m'buku la malipiro. Anandilandira bwino ndipo anandithandiza moleza mtima, koma kumeneko mpamene ndinadziwa za moto wa mu 1919 umene unatentha maofesi a boma ku Zomba nkupsereza mapepala ochuluka a zaka za m'mbuyo mwake, kuphatikizapo zaka zenizeni zimene ine ndinkafuna. Msuweni wanga ku Leeds nayenso anayesa m'mawebusayiti aja osunga mayina a asilikali a Britain. Vuto lake, agogo aakuluwa anali ndi mayina atatu, laubwana, la kuchinamwali ndi la ubatizo limene analandira ku mishoni atakula kale, ndipo kalaliki wachizungu ankalemba mmene wamvera khutu lake, kawirikawiri dzina limodzi lokha lopanda la bambo. Tinayesa kalembedwe kalikonse kamene tinaganiza. Mayina a maofesala amatuluka msangamsanga ndi zaka zawo zobadwa ndi mamendulo awo. La fayamani wathu silinatuluke. Amene mukufuna kuyamba ulendo ngati wangawu, yambani mwafunsa akuluakulu mayina onse a munthuyo, onse ndithu, ndi mudzi ndi mfumu yake, musanakwere basi kupita kulikonse, ndipo musaiwale mabuku a ubatizo a kutchalitchi chifukwa amishoni ankalemba zinthu mosamala kwambiri.

Ndiiwala kunena za Vipya. Pafupi ndi mfuti ija ku Mangochi pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pa 30 Julayi 1946 pamene sitima ya Vipya inagubuduka ndi mphepo kumpoto kwa nyanja, chakufupi ndi Chitimba, isanathe ndi chaka chomwe ikuyenda. Agogo a ku Malindi anali ndi zaka zosakwana 10 koma akukumbukira bwinobwino tsiku limene uthenga unafika kumudzi. Anati bambo awo, amene anali atasiya kale ntchito ya m'sitima nkumalima mpunga ndi chinangwa, anapita kukakhala pamchenga yekha kuyambira masana mpaka mdima osadya, ndipo atabwera anangoti a ku injini ndiwo sakhala ndi potulukira.

Zithunzi zonse 23 ndinazipititsa kukasikana pa makina abwino, osati kungojambula ndi foni, ndipo ndatumiza kwa aliyense pa gulupu kuti zisakhalenso malo amodzi. Wina pa shopu paja anandilangiza kuti ndichimate pulasitiki yotentha ija chakalechi kuti chilimbe, ndinakana, ndipo nanunso musalole, kutentha ndi guluu zimaononga chithunzi ndipo sichimatukanso. Ndachiika pakati pa mapepala oyera osalembapo, m'katoni kakang'ono, pamwamba pa wadiropu kutali ndi chinyezi. Kumbuyo kwa zinazo ndalemba ndi pensulo yofewa mayina a onse amene mayi anga ndi mayi aang'ono anatha kuwazindikira. Pa zithunzi 5 tinangoyang'anizana, anthu ovala bwino, akumwetulira, achibale athu ndithu poona nkhope, koma amene ankawadziwa tinawaika m'manda mu Juni.

Pa Khirisimasi ndinabwereranso ku Malindi ndi chithunzi chija nditachikulitsa kufika saizi ya kalendala, chifukwa ulendo woyamba agogo sanathe kuona kanthu pa kakang'ono kaja. Tinawatulutsira panja powala, anachibweretsa pafupi ndi mphuno nkumayendetsa chala pang'onopang'ono kuchoka kumanzere. Woyambayo anati samudziwa. Wachitatuyo anati akhoza kukhala Mtonga uja ankabwera kudzacheza ndi bambo nkumabweretsa nsomba zouma. Atafika pa wapakati chala chinaima pa mikono, pamene malaya akwinyidwa, ndipo anakhala chete kanthawi. Kenako anaitana mdzukulu wawo wa ukonde uja, mnyamata wa zaka 17, nkumuuza kuti bwera kuno, taona apa, zipsera zinali zisanachuluke.